Nyumba Yosafuka Utsi M'mawa

Eddie Kabaso anafika ku Petauke ali ndi zaka 26, atanyamula chikwama chimodzi, kalata ya boma, ndi Chinyanja chongokwanira kufunsira mtengo wa nthochi pa zenera la basi. Kwawo ndi ku Luapula. Boma linamutumiza kuti akakhale mlangizi wa zaulimi ku Msanzala, ndipo iye ankauza aliyense kuti akhala zaka ziwiri zokha, kenako apempha kubwerera kwawo kumene kuli nsomba. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha akunenabe zomwezo. Amene anamumanga miyendo ndi Jennipher Ngulube, mtsikana wa ku Luembe m'boma la Nyimba, yemwe ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu pa msika wa Petauke. Anakwatirana, anabereka mwana mmodzi dzina lake Abby, ndipo mu Ogasiti wa 2023 Jennipher anadwala masabata atatu n'kumwalira.

Maliro anakachitikira ku Luembe. Atatha kuika, abale a mkazi anakhala pansi monga mwa mwambo, ndipo a Webster, mlongo wake wa Jennipher, omwe ndiwo malume ake a Abby, analankhula mosazungulira.

"A Kabaso, mudziwa mwekha kuti mwana ni wathu. Ngati mufuna kunkhala naye, tikubwelekani chabe. Tikamva kuti avutika, tizabwela kumutenga, ndipo musakatione oipa."

Eddie sanatsutse. Akanatsutsa chiyani? Ku Luapula nakonso mwana ndi wa kuchikazi. Iye mwini anachotsedwa kwa bambo ake ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mayi ake atamwalira, n'kukakulira kwa amalume. Bambo akewo anabwera kudzamuona kawiri. Pokumana kachitatu, Eddie anali atamera kale ndevu, ndipo anapatsana moni ngati anthu odikira basi imodzi. Ankadziwa bwino lomwe kumene njira imeneyo imakathera, ndipo ankaiopa kuposa chinthu china chilichonse. Anangoti mwaulemu wa kwawo ku Luapula, "Namva, mukwai," n'kumunyamula Abby, yemwe anali atagona pa chitenje, kubwerera naye ku Petauke.

Zovuta za nyumba yopanda mayi zimaonekera m'mawa. Madzulo Eddie ankatha. Ankaphika, ankachapa, ankayang'ana makope a mwana. Koma m'mawa ankayenera kukwera njinga yamoto dzuwa lisanatuluke bwino, chifukwa mlimi wa ku Msanzala sadikira mlangizi, ukachedwa umapeza wapita kudimba. Chaka cha 2024 chitalowa, magetsi anayamba kuzima tsiku lonse, moti sitovu inasanduka poika makiyi. Ndipo vuto lalikulu silinali moto. Abby anasiya kudya phala. Masiku amene mayi ake anali m'chipatala, mwanayo ankaona akuwamwetsa phala ndi supuni, iwo n'kumalibweza lonse. Kuyambira pamenepo fungo lokha la phala la chimanga linkamutembenuza m'mimba. Buledi ankapita naye kusukulu n'kubwerera naye madzulo atauma m'chikwama. Siketi ya yunifolomu inayamba kumazungulira yokha m'chiuno.

Amene anamuthandiza ndi Karen, namwino wa pa kachipatala kena ku Msanzala komweko. Anamuonetsa pa foni chakudya china chopangidwa ndi otsi, timbewu tophwathalala togula m'sitolo, tomwe umangotiviika m'botolo mu mkaka ndi ufa wa koko madzulo, m'mawa n'kupeza tafewa tokha popanda kupita pamoto. Ulendo woyamba Eddie anachulutsa koko, zinawawa, anadya yekha akukwinya nkhope. Wachiwiri zinatuluka madzi okhaokha. Wachitatu anathiramo chiponde ndi uchi womwe mlimi wina anamupatsa, ndipo Abby ananyambita supuni, n'kupisanso yachiwiri, mpaka botolo linayera. Tsiku limenelo Eddie anayendetsa njinga akuimba nyimbo ya kutchalitchi mpaka ku Msanzala. Pofika mwezi wa Juni, masaya a mwana anali atabwerera.

Koma Petauke ndi Petauke. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga utsi wa nyumba za anzawo, ndipo salandira malipiro koma sajomba. M'mawa uliwonse pa mzere wawo wa nyumba mbaula zinkatuluka pakhomo, azimayi akukupiza makala ndi zivindikiro, utsi uli tolotolo. Pakhomo pa a Kabaso pokha panali zii. Amai Maureen a nyumba yoyandikana nayo, omwe ankapita ku Nyimba Loweruka lililonse kukapikula nthochi, ankaona zimenezi. Sanali munthu woipa ayi, mtima unkawawawa ndithu. Koma m'malo mogogoda pakhomo n'kufunsa, nkhaniyo anakaitula ku Nyimba pamodzi ndi madengu awo, ndipo inakafika ku Luembe itanenepa kale: mwana wa malemu Jennipher akupita kusukulu ndi njala.

Lachitatu masana Eddie ali m'munda wa munthu, foni inalira. Anali a Keziah, akulu ake a Jennipher, omwe kwa Abby ndi amayi aakulu.

"Mulamu, nili pa Nyimba, nakwela basi. Nizafika m'madzulo, cha m'ma 16."

"Kuli bwino kumunzi, mulamu?"

"Kuli bwino. Koma tamva kuti panyumba panu sipafuka utsi m'mawa. Nabwela kuzaona na maso anga."

Foni inaduka. Eddie anaima pakati pa mizere, mlimi akumufotokozera za chiswe, iye osamva kanthu. Eddie ankawadziwa a Keziah. Anali mayi wosakweza mawu, wotsogolera amayi kutchalitchi, woti akanena kuti ndaona, ku Luembe kulibe wofunsanso kachiwiri.

Apa m'pamene Eddie anachita chinthu chopusa, ndipo mantha ndi amene anamupusitsa. Anaganiza za botolo lija, zakuda bii, zozizira, zogona usiku wonse, n'kuganiza za nkhope ya a Keziah akuliyang'ana. Anathamangitsa njinga kubwerera kunyumba, anatenga mabotolo, paketi ya otsi ndi chitini cha koko, n'kuzibisa m'katoni ya mapepala a kuntchito pansi pa bedi. Anagula ufa wa phala ndi makala a pa msika. Kenako anagwada pamaso pa Abby.

"Amai akulu akakufunsa chamene umadya m'mawa, ukambe kuti phala."

"Koma sinimadya phala, adadi."

"Mailo chabe, mami. Uyese masupuni atatu chabe. Wamva?"

Mwanayo anagwedeza mutu, maso ali pansi. Eddie anamva manyazi mpaka kumapazi, koma sanabweze mawu.

A Keziah anafika ndi thumba la mtedza ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Anamukumbatira Abby, anamugwiragwira m'manja ndi m'mapewa monga amachitira munthu wogula mbuzi, ndipo anaoneka odabwa pang'ono kuti mwanayo ali ndi mnofu. Anayendera nyumba yonse, kukhitchini, kubafa, mpaka kuseri kumene kunali chingwe cha zovala.

Lachinayi Eddie anadzuka kusanache. Makala aja anali a chinyezi. Anakupiza mpaka dzanja linatopa, utsi unadzaza khonde, maso ali misozi yokhayokha, ndipo amai Maureen anasuzumira pa mpanda kuti aone chozizwitsacho. Munthu amene sanaphike phala kwa miyezi khumi saliphika bwino tsiku la mlandu. Linatuluka la mibulu, pansi litapserera. Analiika patebulo, Abby anakhala pampando atavala yunifolomu, a Keziah anakhala moyang'anana naye atafunda chitenje chifukwa cha chisanu.

Abby anayesetsa, mwana wa anthu. Anatunga supuni, anaibweretsa pafupi ndi pakamwa, anatseka maso. Fungo litangomufika, anataya supuni n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, ndipo onse awiri anamumva akusanza. A Keziah anapita kukamusukusula. Pobwera anamukhazika pamwendo.

"Abby, umadya chani m'mawa?"

Mwanayo anayang'ana bambo ake kaye. "Phala."

"Masiku onse?"

Anayang'ananso bambo ake. "Masiku onse."

A Keziah anamutsitsa bwinobwino, n'kumuuza kuti akavale nsapato, ndipo anayenda naye mpaka pa geti kumene anzake a sukulu ankamudikira. Atabwerera anaima pakhomo.

"A Kabaso, mwana wozolowela kudya m'mawa sachita so. Mimba yake yaiwala chakudya cha m'mawa. Icho ningakukhululukileni, ndimwe mwamuna, muli mwekha. Koma mwamuphunzitsa na boza. Mwana wa Jennipher akamba boza uku ayang'ana pamaso panu."

Analowa m'chipinda cha Abby, anatulutsa chikwama chachikulu cha pulasitiki, n'kuyamba kupinda zovala. Ankapinda mwaulemu, kamodzikamodzi, osapsa mtima, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri Eddie. Madiresi, juzi yofiira, nsapato za kutchalitchi. Eddie anaima pakhomo pa chipindacho. Kenako anapita kukakoka katoni ija pansi pa bedi, n'kuikhuthula pansi pamaso pawo.

"Mulamu, nanama. Mwana amadya, koma amadya ivi. Ninachita mantha kukuonetsani."

A Keziah anatsegula paketi, anathira timbewuto m'dzanja, anatinunkhiza.

"Uyu si gaga wa nkhuku?"

"Ni otsi, mukwai. Ni chakudya cha anthu."

"Muphika bwanji?"

"Siniphika."

"Simuphika."

"Nimaviika mu mkaka m'madzulo. Vimagona usiku onse, m'mawa vafewa."

A Keziah anabwezera timbewuto m'paketi. Kwawo ku Luembe, monganso m'midzi yambiri, chakudya chogona n'kudyedwa chozizira m'mawa ndi chimbala, ndipo mwana amene amadzukira chimbala tsiku ndi tsiku aliyense amadziwa kuti alibe womusamala. Eddie anaona m'maso mwawo kuti chilungamo chake chaipa kuposa bodza lija.

"Ndiye mwana wa m'bale wanga adya chimbala," anatero pang'onopang'ono. "Chimbala chake chosapita na pamoto pomwe. Chabwino. Pangani nione."

Apa ndiye panali povuta. Chakudya china chilichonse akanachiphika pomwepo, mphindi khumi nkhani n'kutha. Ichi sichifulumizika, chimafuna usiku wathunthu, ndipo usiku wa dzulo iye anauwononga ndi bodza.

"Siningapange manje. Vifuna kugona. Nipatseniko usiku umodzi chabe, mulamu. Mailo m'mawa muone mwekha. Akakana kudya, sinizakamba chilichonse, nizakupelekezani ku basi ine mwine."

A Keziah anamanga zipi ya chikwama. Anati galimoto yopita ku Luembe imanyamuka pa Nyimba Lachisanu masana, ndipo a Webster adzakhala akudikira pomwepo, choncho kugona ku Petauke kapena ku Nyimba kwa iwo n'chimodzimodzi.

"Mailo basi ya 7," anatero. "Koma chikwama ichi sinimasula."

Tsikulo Eddie anali ndi msonkhano wa alimi womwe sakanatha kuuthawa. Chinali chaka cha chilala, anthu anakolola pang'ono, ndipo iye anayenera kuwaphunzitsa kasungidwe ka mtedza wochepa umene anapeza. Anaima pansi pa mtengo akulankhula za chinyezi ndi chuku, koma mutu wake unali pa msewu wa Nyimba. Nanga a Keziah atasintha maganizo? Nanga atakamutenga mwana kusukulu n'kukwera naye basi ya masana? Palibe wapolisi amene akanawaletsa, ndipo palibe munthu ku Petauke amene akanati alakwa. Anabwereza mfundo imodzi katatu mpaka mlimi wina wachikulire anamufunsa ngati wadwala malungo. Pobwerera anayendetsa njinga moti nkhuku za m'midzi zinkangouluka. Atakhota pa mzere wa nyumba zawo anaona yunifolomu ya Abby itayanikidwa pa chingwe, ikudontha madzi, ndipo anazimitsa njinga n'kukhala pomwepo kaye mpaka mtima unatsika.

Atadya chakudya chamadzulo, kunja kudakali kowala, anayala zinthu zake patebulo. A Keziah anakoka mpando n'kukhala pafupi, manja atapinda. Eddie anatsuka botolo la jamu ndi madzi otentha, analipukuta ndi kansalu koyera. Anathiramo theka la kapu ya otsi. Anasungunula masupuni atatu a mkaka wa ufa m'madzi owiritsa amene anali atazizira.

"Chifukwa chani osathila mkaka wa ng'ombe?"

"Ungasase. Malaiti kulibe, fuliji sisebenza."

Anatunga koko ndi supuni yaing'ono, n'kuisalaza ndi chala kuti isachite phiri. Ufa wina unagwera patebulo. Anathira uchi, chiponde supuni imodzi, ndi mchere wongotsina.

"Chiponde mugula?"

"Nimasinja nekha pa Sondo. Cha m'sitolo Abby akuti chimamatila kukamwa."

Anatseka botolo, analikhutchumula mpaka zonse zinada mofanana. A Keziah analoza nthochi zimene zinali m'mbale n'kufunsa ngati waiwala. Eddie anati nthochi amadula m'mawa, ikagona m'botolo imada, ndipo Abby akaona yakuda sadya. Pomaliza anaika botololo mu mtsuko wa dothi wokhala ndi madzi theka, n'kuvindikira ndi mbale. Ndi chisanu cha Juni, madzi a mu mtsuko ankazizira kuposa a mu fuliji.

"Basi?" anafunsa a Keziah.

"Basi."

"Mtsuko uyu ugona ku chipinda kwanga."

Eddie anamvetsa. Munthu amene wanama kamodzi angathe kudzuka n'kusintha botolo. Anaunyamula yekha mtsukowo n'kukauika kumutu kwa bedi lawo.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu. Chikwama cha pulasitiki chinali chitaikidwa kale pafupi ndi chitseko, nsapato za a Keziah zili pambali pake. Iwo anatulutsa botolo mu mtsuko ndi manja awo, analitsegula, ananunkhiza. Silinasase. Zinali zitalimba bwino, supuni inkaima yokha. Eddie anadula nthochi timawilo tating'ono, anaika pamwamba, n'kumukhazika Abby patebulo.

"Idya, mami."

Abby anagwira supuni. Anayang'ana botolo, anayang'ana chikwama chili pakhomo, anayang'ana amayi aakulu, kenako bambo ake. Sanatunge. Akulu awiri anali atamuima uku ndi uku, maso onse ali pakamwa pake. Kunja amai Maureen ankakupiza mbaula yawo. A Keziah anayang'ana nthawi pa foni, inali itadutsa 6.

"Abby, ni chokoleti chako chija. Idya."

Mwanayo anatunga pang'ono, anafikitsa pa mlomo, n'kubwezanso m'botolo. Anafunsa ndi mawu aang'ono kwambiri:

"Adadi, nikakangiwa kusiliza, nipita?"

Anali atamva zonse. Nyumba za boma zili ndi makoma, koma sizibisa mawu. Eddie anamva ngati wina wamuponda pachifuwa. Kwa masiku awiri ankangoganiza za mantha ake, ndipo mlandu wonse anausenzetsa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, dzulo ndi bodza, lero ndi supuni. Anadzida. Anachotsa supuni m'dzanja la mwanayo n'kuiika m'botolo.

"Leka, mami. Usadye ngati sufuna. Si mulandu wako." Anatembenukira kwa a Keziah. "Mulamu, ninalonjeza. Sanadye. Nizakupelekezani. Koma sangayende ku Luembe na tsitsi ili so, anthu angatiseke. Nipatseniko mphindi zing'ono."

Anatenga chipeso ndi kabotolo ka mafuta pa zenera, anakakhala pa sitepe ya pakhomo. Abby anatsika pampando, ndipo mosaganiza ananyamula botolo lake n'kukakhala pansi pakati pa mawondo a bambo ake. Umu ndi mmene ankakhalira m'mawa uliwonse, iye akuluka, mwana akudya, chifukwa nthawi yochitira ziwirizi padera panalibe. Ichinso Eddie anali atawabisira a Keziah, poopa kuti mwamuna woluka tsitsi angamuone ngati wosokonekera. Anaphunzira yekha pa foni, akuyeserera pa zingwe za khonje zomangirira ku mwendo wa tebulo, mpaka zala zinazolowera. Tsopano panalibenso chobisa. Anamasula malukidwe akale, anapaka mafuta, anang'amba mzere woyamba kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo.

Ankaluka pang'onopang'ono, chifukwa ankadziwa kuti akamaliza anyamuka. Anaganiza zoti auze a Keziah kuti mwanayu tsitsi la kumanzere n'lofewa, silifuna kukoka, ndiponso kuti akamatsokomola usiku amafuna pilo wachiwiri. Anaganiza zoti alongedze otsi ndi koko m'chikwama, ngakhale ankadziwa kuti ku Luembe palibe amene adzazigwire. Ali pa mzere wachitatu anamva kaphokoso pansi pa chibwano chake. Ngwe. Supuni yagunda galasi.

Sanayang'ane. Anaopa kuti akangoyang'ana, mwana asiya. Anapitiriza kuluka, mpweya ataugwira, makutu onse ali pa kaphokoso kaja. Ngwe. Ngwe. Mutu wa mwana unkagwedezeka pang'ono m'manja mwake monga umachitira munthu akamatafuna. Mzere wachinayi, wachisanu. Kenako phokoso linasintha, supuni inayamba kukokota pansi pa botolo.

A Keziah anali ataima kumbuyo kwawo pakhomo, chitenje chili m'mapewa. Sankayang'ana botolo. Ankayang'ana zala za mlamu wawo, ndi mizere yowongoka imene dzana ankaganiza kuti analuka ndi mayi wina wa pa msika.

Foni yawo inalira. Inali ya mtundu uja wokuwa, woti woimba amamveka mpaka kwa aneba.

"Mwanyamuka?" Anali a Webster. "Nakamba kale na dilaiva, asunga malo awili. Mwana muli naye?"

Zala za Eddie zinaima pakati pa mzere. Eddie ankangomva kupuma kwa a Keziah, ndi wailesi ya basi ina kumbali ya a Webster.

"Halo? A Keziah?"

"Nikumva. Uza dilaiva asunge malo amodzi."

"Amodzi bwanji? Mwana amadya?"

"Amadya."

"Amadya chani, pakuti moto sasonkha?"

"Vinthu vosaphika, vozizila, vakuda monga matope. Ine siningaike m'kamwa mwanga olo munilipile."

"Nanga lomba mumusiya bwanji pamenepo? Ise tinagwilizana kuti mwana wamasiye asavutike ise tilipo!"

"Webster, mvela," anatero a Keziah, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni mawu awo ananjenjemera. "Tinaika Jennipher yekha. Mwana uyu si wamasiye. Ali na atate ake."

Anadula foni. Anawerama, anakoka chikwama cha pulasitiki chija kuchichotsa pakhomo, n'kulowa nacho m'chipinda cha Abby. Eddie anamva zipi ikutseguka. Anabwerera ku mzere wake wotsala, ndipo sankauonanso bwino, misozi inali itadzaza m'maso n'kumagwera pa tsitsi la mwana. Analuka mongopapasa, atagwira zolimba.

"Adadi," anatero Abby, pakamwa pali koko yekhayekha, "mukoka."